Musaudule kaye mwalawo

Kalata ya pa imelo yafika kuchokera ku Ulongwe. Bambo wina watola miyala yodzaza chitini m'mphepete mwa mtsinje wa Revubwe, ndiye akufunsa kuti aidule pakati kapena angoisalaza kuti iwale. Achimwene, mwandiutsira chilonda chakale.

Ine miyala ndinaidziwira pa legeni, kutola nsangalabwi zolasira njiwa. Koma umene unandigwira mtima ndinautola nditakula kale, mumchenga wa Zambezi kumunsi kwa mlatho wa Samora Machel, dzuwa la ku Tete likuphika mutu. Unali ngati dzira la bakha, wofiirira ngati chiwindi. Nditaupaka malovu, panatuluka mizere yozungulira ngati ya anyezi wodula. Pambuyo pake ndinamva kuti dzina lake ndi agate. Ndinakhala nawo miyezi itatu pawindo, wosalakwa chilichonse, mpaka chidwi chinandipweteketsa. Ndinapita nawo kwa mnyamata wina wowotcherera zitseko kuti aupatse gilayinda. Popanda ngakhale dontho la madzi! Fumbi loyera kuti kobo, mwala kutentha, kenako thee, zidutswa zitatu. Iye anangoti pepani bambo, n'kupitiriza chitseko chake. Sindimunena, wopusa ndinali ine.

Kuyambira tsikulo ndine wouma mutu pa nkhaniyi: mwala sudulidwa pouma. Kusweka ndi nkhani yaing'ono. Fumbi loyera lija ndi silica, lomwe lija linkabweza azigogo athu kuchokera ku migodi ya golide ku Johannesburg akutsokomola osaleka. Likakhazikika m'mapapo silichokamo, ndipo matenda ake, silicosis, sachizika.

Chinanso chimene chimandiwawa ndi funso lakuti "ndiye mugulitsa zingati?" Chitulukireni ma ruby, miyala yofiira yamtengo wapatali, ku Montepuez mu 2009, aliyense akaona kamwala kofiira amayamba kuwerengera ma meticais. Ku Montepuez ndi ku Cabo Delgado, abale, kutali! Ife kwathu kuno tili ndi zathu. Ku Mágoè, cha ku nyanja ya Cahora Bassa, kuli mitengo yathunthu yosanduka miyala, ya zaka zoposa 250 miliyoni, mizere ya thabwa ikuonekabe. Wofika pamenepo ndi hamala kuti aswepo kachidutswa, ine ndi iye sitidyera mbale imodzi.

Tsono yankho lanu

Yambani ndi beseni la madzi. Mmene mwala ukuonekera uli wonyowa ndi mmenenso udzaonekere mukausalaza, ndipo ambiri m'chitinimo mudzawabweza kumtsinje. Otsalawo akandeni ndi mpeni. Pa muyeso wa Mohs woyezera kulimba kwa miyala, wa m'chaka cha 1812, chikhadabo chili pa 2.5, mpeni cha m'ma 5.5, nsangalabwi ndi agate pafupifupi 7. Umene mpeni walephera kuukanda ndiye udzanyezimire bwino. Wofewa, wotulutsa thovu mukaudonthezera viniga, ndi wa laimu, usiyeni mmene ulili.

Kenako sankhani mbali imodzi yokha. Gulani sandipepa wakuda wa m'madzi, amene m'masitolo a kuno amamuti lixa, mumuyale pagalasi lakale, n'kumapera ngati agogo pamphero, madzi osauma: nambala 80, kenako 220, 400, 600 mpaka 1200, mukutsuka mwalawo musanasinthe. Mukadumpha nambala, zikande zidzakuyang'anani mpaka kalekale. Kudula kusungireni mwala umene muli nawo iwiri yofanana, ndipo pakhale macheka a dayamondi othira madzi.

Zidutswa zitatu zija zikadali pawindo. Chachikulu ndinachipera masabata awiri madzulo aliwonse, mpaka mayi akunyumba anandilanda beseni lawo.