Dzina la Lippe-Biesterfeld linafika bwanji kunyumba yachifumu ya ku Netherlands

Mchemwali, mwafunsa kuti zatheka bwanji kuti Beatrix, yemwe anali mfumukazi ya ku Netherlands, akhale ndi dzina la Chijeremani la Lippe-Biesterfeld. Dzinalo ndi la bambo ake, Bernhard, amene anakalowa chikamwini m'banja lachifumu la Orange-Nassau pokwatira Juliana, mwana wa mfumukazi ya nthawiyo, pa 7 January 1937 ku The Hague.

A Lippe ndi mtundu wachifumu wakalekale wa ku Germany. Kholo lawo Bernhard I limatchulidwa m'zolembedwa za mu 1123, ndipo likulu lawo linadzakhala Detmold, kumene nyumba yawo yachifumu ikadali m'manja mwa banjali mpaka lero. Duwa lawo lofiira la masamba asanu mulipeza m'munsi mwa chizindikiro cha chigawo cha North Rhine-Westphalia.

Koma pamene pali nkhani ndi apa. Mu 1895 mfumu Woldemar ya ku Lippe inamwalira yopanda mwana, ndipo mng'ono wake Alexander anali wodwala maganizo, sakanatha kulamulira. Nthambi ziwiri zinayamba kulimbirana mpando: a Schaumburg-Lippe ndi a Biesterfeld. Oyambawo anali ndi msana, pakuti Adolf wa kwawoko anakwatira mlongo wake wa Kaiser Wilhelm II, mfumu yaikulu ya Germany yense. Mlandu umene anawaimba a Biesterfeld unali woti agogo awo aakazi, Modeste von Unruh, amene anakwatiwa mu 1803, magazi awo anali otsika, ndiye zidzukulu zonse n'zosayenera ufumu. Tangoganizani, mayi woti anagona kalekale kumanda n'kumufukula chonchi pofuna kulanda ana ake mpando! Ine zimenezi zimandiwawa. Bwalo lotsogoleredwa ndi mfumu Albert ya ku Saxony linagamula mu 1897 mokomera Ernst wa Biesterfeld, ndipo mwana wake Leopold IV analowa ufumu mu 1905, n'kutula pansi mu November 1918 pamodzi ndi mafumu ena a ku Germany.

Vuto lomweli linamutsatanso Bernhard, bambo a Beatrix aja. Bambo ake, mng'ono wa Leopold IV, anakwatira Armgard von Cramm, mayi amene ukwati wake woyamba unatha, ndipo banjalo silinamuwerenge ngati wofanana nawo. Choncho Bernhard pobadwa ku Jena mu 1911 sanali kalonga. Ulemu umenewu anachita kupatsidwa ndi Leopold IV mu 1916, iye pamodzi ndi mayi ake. Mwana wonyozekayo ndi amene anabala Beatrix mu 1938, kenako Irene, Margriet ndi Christina. Mfumu ya lero, Willem-Alexander, ndi mdzukulu wake, ngakhale iyo inatengera dzina la van Amsberg kwa bambo ake Claus, Mjeremani winanso amene ubwana wake wina anakulira ku Tanganyika.

Sindingakuuzeni za Bernhard n'kubisa chilema chake. Pankhondo yachiwiri yapadziko lonse anaima ndi Adatchi polimbana ndi Hitler, ndipo mu 1961 anakhala mtsogoleri woyamba wa WWF, bungwe loteteza nyama zakutchire ndi chilengedwe. Koma ali mnyamata analowa chipani cha Nazi, chinthu chimene anakana kwamtuwagalu mpaka kumwalira kwake mu 2004. Mu 2023 nyumba yachifumu inatsimikiza kuti khadi lake la chipanicho linapezeka m'katundu wake yemwe, ndipo Adatchi ambiri amene ankamulemekeza anakhumudwa kwambiri.