Matayala a njinga yamoto yaikulu: agulidwe ku Joni kapena adzapezeka kuno?

Mbale wathu wina wa kwa Santhe, yemwe akugwira ntchito ku Johannesburg, wandilembera motere: "Ndagula Suzuki V-Strom 650 yoyendapo kale. Ndikufuna kubwera nayo kumudzi mu Disembala ndipo mwina ndidzaisiya konko. Tayala lakumbuyo layamba kutha koma likadali ndi moyo. Ndigule kuno kapena ndidzapeza pa Kasungu? Nanga alipo angandiikire?"

Achimwene, gulani komweko, ndipo akuikireni komweko musananyamuke. Pamenepa sindikuzengereza.

N'zoona kuti njinga zamoto zadzaza pa Kasungu, pa Chinkhoma, kwanu kwa Santhe mpaka pa Kamwendo, ndipo mashopu a zipangizo zake ali paliponse. Koma amasunga zomwe a kabaza amagula: matayala opyapyala a 2.75 ndi 3.00, oyendera chubu. Njinga yanu imavala 110/80 R19 kutsogolo ndi 150/70 R17 kumbuyo, opanda chubu. Wogulitsa akhoza kukuuzani kuti "17 tili nayo, bwana," ndipo sakunama, kungoti 17 ndi kukula kwa limu basi. Nambala 150 ija ndi mulifupi mwa tayala m'mamilimita, pamene 3.00 ndi mainchesi atatu, pafupifupi mamilimita 76. Ndi theka chabe la lanu. Ku Lilongwe mukhoza kulipeza, koma mwamwayi. Ndalama zakunja zikuvuta, ndiye wamalonda amaitanitsa katundu woti atha msanga, osati tayala loti lidikire mwini wake chaka chathunthu. Kumene muliko mungathe kusankha pakati pa mitundu ingapo ya saizi yomweyo tsiku limodzi.

Mukalowa m'shopu, musamangomva mtengo. Werengani m'mbali mwa tayala. Pambuyo pa saizi pamakhala nambala ndi chilembo, monga 69H kapena 69V pa tayala lakumbuyo. 69 akutanthauza kuti tayalalo limanyamula makilogalamu 325, H ndi liwiro lofika makilomita 210 pa ola, V ndi 240. Simudzathamanga choncho, koma nambala ya katunduyo musaitsitse, chifukwa wobwera kumudzi kuchokera ku Joni sabwera chimanjamanja. Fufuzaninso zilembo TL, zosonyeza kuti ndi loyenda popanda chubu. Kenako pezani pomwe palembedwa DOT, muone manambala anayi omaliza. Awiri oyamba ndi sabata, awiri enawo ndi chaka: 2319 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Tayala limakalamba ngakhale lisanagunde pansi. Labala amauma, amachita ming'alu, ndipo pa tala wonyowa sagwira. Lodutsa zaka zisanu ine sindigula, litsike mtengo chotani. Akaunjika ndiye asiyeni ndithu, simudziwa kuti anagunda chiyani.

Za mtundu wake, ganizirani misewu ya kuno, osati ya ku Gauteng, chigawo chomwe muli Joni. M1 ndi M18 ndi tala, inde, koma mukangokhota kulowa kumudzi ndi fumbi ndi mchenga, ndipo mu Disembala mvula ikhala itayamba, dothi lofiira lija lasanduka phala. Tayala losalala la m'tauni likugwetsani pakhomo penipeni. Komanso musathamangire la mapanga akuluakulu ngati Continental TKC80. M'matope limagwira bwino zedi, koma pa tala wotentha, njinga italemedwa, lakumbuyo limatha msanga. Kudzera pa Beitbridge, Harare ndi Tete kufika ku Kasungu ndi pafupifupi makilomita 2,000, ndipo mukadzera pa mlatho wa Kazungula, Lusaka ndi Chipata kudzalowera pa Mchinji ndiye kutalikirapo. Ine ndingasankhe lapakatikati, monga Heidenau K60 Scout kapena Mitas E-07. Onsewa amadziwika ndi kulimba ndipo pa msewu wafumbi sachititsa manyazi. Amalira pang'ono pa tala, koma zimenezo muzolowera.

Lomwe mukuti likadali ndi moyolo ndi limene likundidetsa nkhawa. Tayala likatsika mapanga limabooka mosavuta, ndipo kutentha kwa ku Tete sikulekerera labala wotopa. Likakutherani ku Mozambique, pakati pa zipata za Nyamapanda ndi Zobue, mudzagona pamsewu masiku, kudikira lina lichokere komwe mwachoka. Sinthani onse awiri pa shopu ya njinga yokhala ndi makina, akuchitireninso balansi. Mukatero yendani nawo makilomita 150 kapena 200 modekha musanamange katundu, chifukwa tayala latsopano limaterera masiku oyamba.

Poti mukuti mwina mudzaisiya kuno, gulani lakumbuyo lachiwiri. Lakumbuyo ndi lomwe limatha msanga. Mukhoza kulimanga pamwamba pa katundu kapena kulipatsira anthu onyamula katundu pa mabasi, koma muwauze kuti asalipinde kapena kulipsinja ndi zinthu zolemera, chifukwa waya wa m'mphepete akapindika tayalalo silidzasunganso mpweya. Lisiti musataye, a MRA pa chipata adzalifuna powerengera msonkho. Likafika kunyumba likhale m'nyumba pamthunzi, kutali ndi petulo, osati pa denga.

Tsopano za kuika kuno. Amakanika athu ndi aluso, ndipo ndimawalemekeza, poti amadzutsa njinga zomwe kwina akanazitaya kalekale. Vuto ndi zida komanso chizolowezi. Tayala la kabaza limasomoka ndi manja ndi tizitsulo tiwiri. Lanu ndi louma, limakakamira pa limu, ndipo munthu akalephera amatenga hamala ndi chitsulo cha sipuling'i ya galimoto. Limu yanu ndi ya aluminiyamu. Ikangophwanyika mlomo, mpweya uzituluka pang'onopang'ono mpaka kalekale, ndipo limu imeneyo kuno simuipeza.

Choncho tsiku limenelo musasiye njinga n'kupita kumsika. Khalani pomwepo, mugwire nawo ntchito. Tayala latsopano liyambe lakhala padzuwa kuti lifewe. Wilo ligone pa matabwa kuti chimbale cha buleki chisagunde pansi n'kupindika. Pakani madzi a sopo m'mphepete, osati oyilo kapena girisi, zomwe zimaononga labala. Dulani zidutswa za chigubu chapulasitiki muziike pakati pa chitsulo ndi limu. Chinsinsi chachikulu n'chakuti mbali yomwe simukukokayo muipondereze ilowe mu ngalande ya pakati pa limu. Mukatero mbali inayo imakwera popanda nkhondo. Ngati ikufuna mphamvu za amuna atatu, ndiye kuti china chake chalakwika, imani muyambirenso. Onani muvi wojambulidwa pa tayala uloze komwe wilo limazungulira, ndipo vavu muike yatsopano.

Pampu yapamanja siingakhazike tayala lotere pa limu. Pamafunika kompuresa, monga ya kwa omata matayala a galimoto, ndipo mumve litalira kuti "phu" kawiri pokhazikika, mbali iyi ndi iyo. Kenako tsitsani mpweya ufike pa muyezo wake. Pa V-Strom 650 ndi 33 psi kutsogolo ndi 36 kumbuyo mukakhala nokha, 41 kumbuyo mukanyamula munthu. Yezani tayala lili lozizira, ndi geji yanuyanu, osati kupanikiza ndi chala.

Likabooka ndi msomali pakatikati, musalole kuti angoponyamo chubu poti ndi zomwe anazolowera. Gulani komweko timichira totsekera bowo ndi kapampu kamagetsi kolumikiza ku batire, zikufikitsani pomwe angamate chigamba cham'kati. Likang'ambika m'mbali, limenelo latha, musalimate. Ndipo musanachoke, yesani nokha kumasula mawilo onse awiri ndi sipanala zomwe mudzanyamule. Ikasowa ina muigule komweko, chifukwa ya wilo lakutsogolo si ija imapezeka m'bokosi la makanika aliyense.