Musalipire chaka chonse tchanelo chimodzi

Achimwene, tchanelo choonetsa nkhonya zonse zikuluzikulu kulibe, ndiye musamange ndalama zanu chaka chathunthu. Lipirani mwezi umene kuli nkhonya yomwe mukuifuna basi.

Makampani a TV amamanga akatswiri ndi makontirakiti, wa kuno osakumana msanga ndi wa uko. Mwachitsanzo, kuyambira 2013 katswiri wa nkhonya Floyd Mayweather anali ku kampani ya TV ya Showtime, katswiri mnzake Manny Pacquiao ku kampani ya HBO, ndipo zinatengera makampani awiriwa kugwirizana kuti akumane mu 2015, msinkhu utapita kale. Zinandiwawa kwambiri. Inenso ndinalipirapo chaka chonse, katswiri wanga n'kusamukira kwina patangopita miyezi itatu. HBO yomweyo inasiya nkhonya mu 2018, Showtime mu 2023.

Ngati mukufuna kumaonetsa anthu olipira pakhomo, funsani loya kaye, chifukwa chilolezo chake n'chosiyana ndi choonera nokha kunyumba.