Kodi kompyuta imawerenga mabakiteriya kapena timadontho?

Funso: Ndikuphunzira ntchito ya m'labotale. Ndinalemba kuti "makina amawerenga tizilombo pachithunzi cha mbale", koma mnzanga akuti chiganizochi sichikumveka. Chalakwika n'chiyani?

Yankho: Mnzanuyo akunena zoona, ngakhale galamala yanu ilibe vuto. Liwu lakuti tizilombo ndi lotambalala kwambiri: udzudzu ndi kachilombo, kavairasi nakonso ndi kachilombo. Polemba za sayansi, nenani kuti mabakiteriya.

Koma ngakhale mutakonza pamenepo, chiganizocho chikhalabe chikunama. Kamera siona bakiteriya mmodzimmodzi. M'mbale ya Petri, yomwe dzina lake linachokera kwa Julius Richard Petri wa ku Germany amene anaifotokoza mu 1887, mabakiteriya amasiyidwa pa agar (chinthu chonga jeli chosakanizidwa ndi chakudya chawo) pamalo ofunda kwa tsiku limodzi kapena awiri. Bakiteriya mmodzi, kapena angapo omatirirana, amaswana mpaka kupanga kadontho kooneka ndi maso. M'kadonthomo muli mamiliyoni. Chimene pulogalamu ngati OpenCFU kapena ImageJ imachita ndi kusiyanitsa timadonthoti ndi agar, n'kutiwerenga.

Kadontho kameneka pa Chingerezi amati colony. Chonde musatsate tanthauzo lina la liwuli n'kuyamba kulemba za atsamunda. Ine ndimakonda kuti "gulu la mabakiteriya" potchula koyamba, kenako "kadontho" pofotokoza zimene kamera ikuona. Mawu awiriwa asasokonezedwe, chifukwa si kadontho kalikonse kali gulu. Thovu la mpweya, kukandika kwa mbale ndi kunyezimira kwa m'mphepete zimatha kupusitsa pulogalamu, ndipo magulu awiri ogundana imatha kuwayesa limodzi. N'chifukwa chake ambiri amakhulupirira mbale yokhala ndi magulu apakati pa 30 ndi 300.

Tsono pa mneni kuwerenga, pomwe ndimaona ambiri akupunthwa. Timawerenga buku, timawerenganso ndalama, mneni ndi yemweyo. Mukati "kompyuta ikuwerenga chithunzi", wina aganiza kuti pachithunzipo pali malemba. Nenani kuti ikuunika chithunzi, ndipo kuwerenga kutsagane ndi chinthu chowerengedwacho: ikuwerenga magulu. Nambala yotulukayo ndi chiwerengero. Kuwerengetsera ndi ntchito ina yobwera pambuyo, ya masamu. Tinene kuti madzi oyezedwawo anasukulutsidwa ka 1,000, pambale panathiridwa mililita imodzi, ndipo patuluka magulu 150. Mukawerengetsera mupeza 150,000 pa mililita, ndipo m'labotale nambalayi imalembedwa ndi chidule cha Chingerezi chakuti CFU (colony-forming units). Chidule cha CFU chisiyeni momwemo, koma chimasulireni kamodzi kuti ndi tinthu tamoyo totha kuyambitsa gulu.

Chiganizo chanu chikhale chotere: "Pulogalamu ya pakompyuta imaunika chithunzi cha mbale n'kuwerenga magulu a mabakiteriya amene amerapo." Mneni kumera ndauika dala. Ena amati ndi wa mbewu zokha, koma timati nkhungu yamera, bowa wamera, ndipo pa agar mneniyu akukhala bwino.