Kodi Wosewera Tenisi Angakane Kuyankhula ndi Atolankhani?

FUNSO: Mwana wanga wamkazi amasewera tenisi, koma akagonja amadzitsekera kuchipinda osayankhula ndi aliyense. Kodi akatswiri amaloledwa kutero? Mayi wa ku Area 25, Lilongwe.

YANKHO: Mayi, pa mipikisano inayi ikuluikulu ya Grand Slam, wosewera amakakamizidwa kukakhala pamaso pa atolankhani masewera akangotha, kaya wapambana kapena wagonja, popeza ndalama zambiri zimachokera ku makanema ndi makampani othandiza. Mu Meyi 2021, Naomi Osaka wa ku Japan anakana kutero pa French Open ku Paris, umodzi mwa mipikisano inayiyo, ponena kuti mafunsowo amamusokoneza maganizo. Anamulipiritsa madola 15,000 ndi kumuopseza kuti amuchotsa, ndipo iye anatuluka yekha mumpikisanowo, akuulula kuti wakhala akudwala matenda ovutika maganizo kuyambira pa US Open ya 2018.

Ine ndimaona kuti kufunsa munthu chifukwa chimene wagonjera thukuta lisanaume n'komwe, misozi ili m'maso, ndi nkhanza ndithu. Mwana wanuyo musamupanikize tsiku lomwelo. Mupatseni chakudya, mucheze naye mawa lake. Akayamba kusowa tulo kapena kukana kudya kwa masabata angapo, pitani naye kuchipatala.