Yankho kwa aphunzitsi a ku Luchenza pa za msomali, singano ndi maginito

Aphunzitsi, mwafunsa chifukwa chake msomali wokhulidwa ndi maginito umasiya msanga kukoka pamene singano imasunga mphamvu, komanso ngati maginito amagwirabe ntchito akaphwanyidwa mpaka kusanduka fumbi. Mafunso awiriwa gwero lake ndi limodzi.

M'chitsulo, atomu iliyonse ndi kamaginito kale chifukwa cha maelekitironi ake. Maatomuwa amakhala m'magulu otchedwa ma domain. Gulu lililonse limaloza mbali imodzi, koma poti magulu amaloza kosiyanasiyana, mphamvu zawo zimafafanizana. Mukamakhula, magulu ogwirizana ndi maginito anu amakula, malire awo n'kumasuntha. Msomali ndi wofewa, kaboni wake ndi wochepa, ndiye malirewo amabwerera mosavuta. Singano ndi yolimba, ili ndi kaboni wambiri, malire akasuntha amakodwa pomwepo.

Tengani maginito a sipika yakale, ndipo dziwani kuti mphamvu yake ili kunkhope ziwiri zafulati, osati m'mphepete. Khulani singano ka 40 ndi nkhope imodzi, kuchokera kuboo kupita kunsonga, mukukweza dzanja pobwerera. Apa ndi pamene ana ambiri amalakwitsa: amakhula chopita ndi chobwerera, n'kumafuta zomwe apanga. Iyandamitseni pa tsamba m'beseni lapulasitiki, kutali ndi zitsulo, iloza kumpoto ndi kummwera. Kenako ipaneni ndi pulayazi, muiike pambaula mpaka ifiire psuu. Kupitirira madigiri 770, kutentha kumasokoneza mbali imene maatomu amaloza. Ikazizira kutali ndi maginito, sinyamulanso mapini. Chonde maginitowo asayandikire moto. Maginito amphamvu wamba otchedwa neodymium amayamba kufooka pa madigiri 80 okha.

Za fumbi ndiye zokoma kuphunzitsa. Chidutswa chilichonse chimakhalabe ndi mbali ziwiri, ya kumpoto ndi ya kummwera, koma chikachepetsetsa chimasiya kusunga mphamvu. Kambewu ka magnetite, mwala wachitsulo wokokedwa ndi maginito, kakachepera pafupifupi mananomita 80 (milimita imodzi ili ndi mananomita 1,000,000), magulu awiri sakwanamo. Kamakhala gulu limodzi, ndipo kamasunga mphamvu kwambiri. Kakachepera mananomita 20, kutentha kwa m'chipinda momwemu kumakatembenuzatembenuza: kamakokedwa maginito akakhala pafupi, akachoka kamaiwala pompo. Dzina lake ndi superparamagnetism, ndipo Louis Néel anafotokoza chifukwa chake mu 1949. Opanga hard disk, posungira uthenga m'kompyuta, amalimbana nalo vutoli, chifukwa timbewu tosungira uthenga tikachepetsetsa, uthengawo umafufutika wokha.

Kusinja mumtondo sikungakufikitseni pamenepo. Timbewu totere kawirikawiri amatipanga mu labu ndi mankhwala.