Lembetsani, koma dzina lanu lilembedwe kaye

Achemwali, mwanditokosa pachilonda. Mukufunsa ngati mulembetse postdoc (ntchito ya kafukufuku ya munthu amene wamaliza PhD) ya data science, yosanthula data ya zachipatala. Postdoc yotereyi ine ndinailowa ndi mtima wonse, koma mpaka lero ndikaikumbukira m'mimba mumatentha.

Anandipatsa data ya odwala HIV a m'makliniki angapo muno mu Lusaka. Munthu mmodzi yemweyo apa walembedwa Phiri, apo Phili, nambala ya fayilo ina. Ena akuoneka ngati anasiya ma ARV, chonsecho anangosamukira ku kliniki ina. Ndinagona pa R, pulogalamu yosanthulira data, usiku ndi usiku, chaka cha 2024 chija madzi atachepa ku Kariba, magetsi akuzima tsiku lonse, laputopu ndikukachajira kwa neba wa sola. Ndinalumikiza mafayilo aja, ndinapanga modelo yolosera amene angasiye mankhwala, methods yonse, gawo la pepala lofotokoza mmene kafukufuku anachitikira, ndinalemba ndine.

Ndiye tsiku lina ndili mu minibasi pa Great East Road, magalimoto atathinana pa Manda Hill, mnzanga anditumizira link pa WhatsApp, akuti mwakhoza amayi. Kutsegula, pepala la kafukufuku uja latuluka. Dzina loyamba pa olemba ndi la wophunzira wakunja amene sanapondepo ngakhale pageti pa kliniki. Langa lili kumunsi kwenikweni, ku acknowledgements, akundithokoza "poyeretsa data". Kondakitala akukuwa ndalama, ine manja akunjenjemera, chikwama chikukanika kutseguka. Pulofesa woyang'anira kafukufukuyo nditamufunsa anangoseka, akuti "mwana wanga, nthawi yako ifika." Mwana wanga! Mayi wa PhD, wa ana ake kunyumba. Anthu ena alibe manyazi ndithu.

Malamulo a ICMJE, komiti ya akonzi a magazini a zachipatala, amati amene wagwira ntchito yaikulu yosanthula data apatsidwe mpata wokhala mmodzi wa olemba. Ndiye za maina gwirizanani pa imelo musanatsegule fayilo. Onetsetsani kuti muli pa protocol (ndondomeko ya kafukufuku) yopita ku NHRA, bungwe loyang'anira kafukufuku wa zaumoyo ku Zambia, ndi ku komiti ya ethics monga UNZABREC ya ku University of Zambia, ndipo data ikamatuluka m'dziko pakhale pangano lolembedwa, paja Data Protection Act ya 2021 ilipo. REDCap ndi DHIS2, mapulogalamu osonkhanitsira ndi kusungira data, muwadziwe musanafike.

Komabe lembetsani, ntchito ndili nayo lero inachokera komweko. Ndipo akuluakuluwo musalimbane nawo, kalata yawo mudzaifuna pofunsira thandizo ku mabungwe opereka ndalama za kafukufuku monga Fogarty kapena Wellcome. Yanga ndinakapempha kwa pulofesa yemweyo, ndipo analemba yabwino.